Beijing Inapirikitsa Njinga, Kenako Inazimangira Mlatho

Mu Okutobala 1998 akuluakulu a mzinda wa Beijing, likulu la dziko la China, analamula kuti njinga zakapalasa zisamadutsenso mumsewu wa Xisi East, chapakati pa mzindawo. Msewuwo ndi waufupi, ndipo wopalasa ankangoyenera kukhota n'kukazungulira kwina. Chifukwa chomwe anapereka chinali chomveka bwino kwa aliyense wokhala m'galimoto: njinga zachuluka, zikutseka njira, mabasi ndi magalimoto akukwawa. Ndani akanataya nthawi kukangana pa kankhani ngati kameneka? Komatu aka kanali koyamba kuti mzinda womwe dziko lonse linkaudziwa ndi njinga uuze wopalasa kuti pano si pako.

Zomwe zinatsatira n'zofunika kuti tizimve bwino ife amene tikukuza misewu yathu masiku ano, chifukwa anthu a ku Beijing sanali opusa. Mainjiniya ophunzira bwino analipo, ndalama zinalipo, ndipo chilichonse chomwe anachita chinkaoneka chanzeru pa tsiku lomwe ankachichitalo.

Kuyambira m'ma 1950, njinga ndiyo inkayendetsa dziko la China. Fakitale ya Flying Pigeon ya mumzinda wa Tianjin inatulutsa njinga yake yoyamba mu 1950, ndipo ku Shanghai kunali mafakitale a Phoenix ndi Forever. Zinali njinga zakuda, zolemera, zopanda magiya, zoti ukamangirira thumba la mpunga pakaliyala zimangopita osagwedezeka. Mnyamata wofuna kumanga banja ankayenera kuonetsa zinthu zinayi: njinga, makina osokera, wotchi yapamkono ndi wailesi. Ndalama zokha sizinkakwana kugulira njinga. Pankafunikanso kuponi, kawirikawiri yochokera kuntchito, ndipo ena ankaidikira nthawi yaitali. Ngakhale George Bush wamkulu, pamene ankaimira dziko la America ku Beijing mu 1974 ndi 1975, ankazungulira mumzindamo pa njinga pamodzi ndi mkazi wake Barbara. Atabwererako mu 1989 ali pulezidenti, nduna yaikulu Li Peng inawapatsa mphatso ya njinga ziwiri za Flying Pigeon.

Mu 1986, pa maulendo 100 alionse a anthu a mumzindawu, tikapatula oyenda pansi, pafupifupi 63 anali a panjinga. Umphawi wokha sungafikitse chiwerengero pamenepa. Panali zinthu ziwiri zomwe okonza mzinda anachita mwadala. Choyamba ndi kamangidwe ka msewu. Misewu yambiri ikuluikulu inkagawidwa patatu: pakati magalimoto ndi mabasi, uku ndi uku njira zotakata za njinga, ndipo wagalimoto ndi wapanjinga ankalekanitsidwa ndi mzere wa mitengo kapena kachipupa. Mayi wonyamula mwana pakaliyala sankachita kucheukacheuka kuti aone ngati lole ikumubwerera kumsana. Chachiwiri, chomwe ambiri amachiiwala akamakamba za njinga, ndi malo omwe nyumba zinkamangidwa. Fakitale, sukulu yaukachenjede kapena ofesi ya boma inkapatsa antchito ake nyumba pafupi ndi ntchitoyo, ndipo sukulu ya ana, kachipatala ndi sitolo zinkakhala pomwepo. Ulendo wa tsiku ndi tsiku unali wa makilomita ochepa, mtunda woti ngakhale munthu wachikulire amaupalasa n'kufika asanatope.

Tisanamizane kuti unali moyo wa mtendere wokhawokha. M'nyengo yozizira ku Beijing madzi amaundana, mphepo yake imaluma, ndipo ambiri ankapalasa chifukwa panalibe kuchitira mwina. Munthu amene anapeza ndalama n'kulakalaka galimoto sanalakwire aliyense. Mlandu uli pa zomwe aboma anachita ndi msewu anthu atayamba kugula magalimotowo.

Mu 1994 boma la China linakhazikitsa mfundo yoti ntchito yopanga magalimoto ikhale imodzi mwa nsanamira za chuma, ndipo linayamba kulimbikitsa mabanja kuti azigula magalimoto awoawo. Mu 1998 linathetsa dongosolo loti malo a ntchito azipereka nyumba. Aliyense tsopano azigula kapena kuchita lendi komwe thumba lake lingakwanitse. Thumba la wantchito wamba linamukankhira kunja kwa mzinda, komwe kunamera midadada ya nyumba zosanjikizana monga Huilongguan ndi Tiantongyuan chakumpoto, malo ogona anthu zikwi mazanamazana amene ntchito zawo zili kwina. Pofuna kulumikiza zonsezi, anamanga misewu yozungulira mzinda, wina kunja kwa unzake: wachitatu unatha mu 1994, wachinayi mu 2001, wachisanu mu 2003, wachisanu ndi chimodzi mu 2009. Magalimoto mumzindamo anakwana 1 miliyoni mu 1997, 2 miliyoni mu 2003, 4 miliyoni mu 2009, ndipo mu 2012 anadutsa 5 miliyoni.

Phata la nkhani lili apa. Malamulo oletsa njinga analipo ndithu, ndipo mu 2004 mzinda wa Shanghai nawo unatseka misewu yake ina ikuluikulu kwa apanjinga. Koma zomwe zinathetsa kupalasa kwenikweni zinali zing'onozing'ono, zosalengezedwa pa wailesi. Msewu ukadzaza, injiniya ankaona kuti njira ya njinga ndi yotakata, n'kudulako mbali kuti magalimoto apeze mpata wina. M'malo mwa mitengo kapena chipupa cholekanitsa chija pankabwera mzere wa penti. Eni magalimoto atsopano analibe koimika, choncho ankaimika munjira ya njinga, ndipo pena aboma omwewo ndi amene ankajambula malo oimikapo magalimoto mmenemo n'kumatolera ndalama. Basi yofuna kutsitsa anthu inkadula njira yomweyo. Wopalasa, pozemba galimoto yoima, ankalowa pakati pa magalimoto othamanga, ndipo akagundidwa anthu ankapukusa mutu kuti apanjinga ndi osasamala.

Misewu ikuluikulu yatsopano ija inabwera ndi vuto lakelake. Msewu wa magalimoto othamanga umayandikitsa malo akutali, koma umalekanitsa malo oyandikana. Munthu amene nyumba yake ndi ntchito yake zinatalikirana makilomita ochepa chabe ankapeza kuti pakati padutsa msewu wotchingidwa ndi mpanda, ndipo powolokera pali kutali. Akafikapo ankayenera kukankha njinga pokwera mlatho, kapena kulowa pamphambano yaikulu pomwe magalimoto okhota sachepetsa liwiro. Pamapepala a okonza mapulani, ulendo wa galimoto ukafupika ndi mphindi zingapo amalemba kuti msewu wapindula. Mphindi zomwe wapanjinga wataya, ndi mantha omwe amuonjezekera, nthawi zambiri zilibe pozilemba. Umu ndi momwe mapulani a misewu m'maiko ambiri amawerengera mpaka lero, ndipo chosawerengedwa chimasowa wochilankhulira pamsonkhano wogawa ndalama.

Tsono taonani momwe mfundo inamangikira. Bambo wina waona kuti kupalasa kwayamba kuopsa, wasiya njinga, wakwera basi. Basi yadzaza ndipo ikukwawa pamzere, ndiye akapeza ndalama wagula galimoto. Galimoto yake yaonjezera mzere uja. Aboma aona mzere, akuza msewu, ndipo malo okuzira awatenga kwa apanjinga otsala. Otsalawo aona kuti kwaopsa kuposa kale, nawo asiya. Palibe tsiku lomwe wina anaima n'kunena kuti tiyeni tithetse njinga mu Beijing. Aliyense ankangothana ndi vuto la pamphambano yake.

Pamwamba pa izi panagwa manyazi. Njinga, yomwe m'mbuyomo inkakwatiritsa mnyamata, inasanduka chizindikiro choti zinthu sizikumuyendera. Mu 2010, pa pulogalamu ina ya pa TV yopezera zibwenzi, mnyamata anafunsa mtsikana ngati angakonde kukayenda naye pa njinga. Mtsikanayo anayankha kuti bola kulira ali m'galimoto ya BMW. Mawuwo anafala m'dziko lonselo, ena akumunyoza, ena akumuikira kumbuyo. Ine sindimuweruza kwambiri. Anangonena poyera zomwe misewu ya m'mizinda yawo inakhala ikuuza anthu kwa zaka zoposa khumi, kuti wolemekezeka ndi wa m'galimoto, wapanjinga apatuke.

Pofika mu 2000, maulendo a panjinga mu Beijing anatsika kufika pochepera 40 pa 100 alionse. Mu 2010 anali pafupifupi 16, ndipo anapitirira kutsika. Kodi magalimoto anayamba kuyenda momasuka njinga zitachoka? Ayi ndithu. Pa masewera a Olimpiki a 2008 aboma anachita kulamula kuti magalimoto aziyenda mosinthana masiku potengera nambala yomaliza ya galimoto, kuti alendo apeze njira ndi mpweya wopuma. Kuyambira mu Januwale 2011, munthu wofuna nambala ya galimoto yatsopano mu Beijing anayamba kulowa m'mayere, ndipo chaka chimenecho nambala zinali 240,000 zokha. Alipo amene adikira zaka zambirimbiri dzina lawo osatuluka. Mu Disembala 2015 mzindawo unalengeza koyamba chenjezo lalikulu kwambiri la utsi: sukulu zinauzidwa kuti zitseke, ndipo pafupifupi theka la magalimoto linaletsedwa kutuluka. Utsi wambiri unkachokera ku malasha ndi mafakitale, zimenezo n'zoona, koma magalimoto mamiliyoni aja ankathira wawo pamwamba.

Mu Ogasiti 2010, pamsewu waukulu wa nambala 110 wochokera ku Inner Mongolia kulowera ku Beijing, magalimoto anathithikana pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kwa masiku oposa khumi. Ambiri anali mathiraki onyamula malasha, ndipo msewu unali ukukonzedwa, choncho sindikunena kuti njira za njinga zikanaletsa zimenezi. Ndaitchula chifukwa cha anthu amene ankayenda momasuka pakati pa mathirakiwo: anthu a m'midzi yoyandikira, ena atakwera njinga, akugulitsa madzi ndi zakudya kwa madalaivala pa mtengo woboola m'thumba.

Ena m'boma anaona msanga kuti zinthu zapotoka. Mu Juni 2006 wachiwiri kwa nduna yoona za zomangamanga, Qiu Baoxing, analamula kuti mizinda yomwe inachepetsa kapena kuchotsa njira za njinga izibwezeretse. Kulamula kunali kosavuta. Koma malo aja anali atadzaza kale magalimoto a anthu amene tsopano anali ndi mawu, ndipo kuchotsa galimoto pamalo pomwe yazolowera kuima ndi nkhondo yoti wandale aliyense amaiopa.

Kenako kunabwera anthu a bizinesi ndi nzeru ina: ngati anthu asiya kupalasa, tiwapatse njinga pakhomo. Makampani a Ofo ndi Mobike anamwaza njinga zobwereka m'misewu, zoti munthu amatsegula ndi foni, kukwera, n'kuisiya pomwe wafika. Pofika mu 2017 mu Beijing mokha munali njinga zoterezi zoposa 2 miliyoni. Anthu anazilandira, zomwe zinaonetsa kuti chilakolako chopalasa sichinafe. Koma malo oziimika ndi oziyendetsa anali osakwanira. Zinatseka njira za oyenda pansi ndi makomo a masiteshoni, mpaka makhonsolo anayamba kuzitola pa malole n'kukaziunjika m'mabwalo, milu yaitali kuposa nyumba. Kumapeto kwa 2018 kampani ya Ofo inagwa, ndipo anthu oposa 10 miliyoni analembetsa kuti abwezeredwe ndalama zawo za chikole. Amene amaganiza kuti kugawa njinga kokha ndiye kuthandiza apanjinga aone zithunzi za milu imeneyi.

Tibwerere ku Huilongguan kuja tsopano. Anthu ambiri okhala kumeneko amagwira ntchito ku Shangdi, dera la makampani a makompyuta. Malo awiriwa ndi oyandikana, koma pakati pawo padutsa msewu waukulu wa magalimoto othamanga ndi njanji. M'mawa uliwonse anthu ankaima pamzere wautali kuti alowe musiteshoni ya sitima, paulendo womwe mwendo ukanatha mosavuta pakanakhala podutsa. Pa 31 Meyi 2019 mzinda unatsegula msewu wa njinga zokhazokha wolumikiza malo awiriwa, wa makilomita 6.5, mbali ina itakwezedwa m'mwamba pa nsanamira kuti idumphe zotchinga zija. Ndi wotakata mamita 6, uli ndi kanjira kapakati komwe kamasintha kolowera m'mawa ndi madzulo, ndipo pokwera anaikapo lamba woyenda yekha wothandiza kukoka njinga. Ulendo wonse umatenga pafupifupi theka la ola. Mzinda wa Xiamen unali utamanga kale wake wam'mwamba wa makilomita 7.6 mu 2017.

Ndi ntchito yokongola, ndipo alendo amapita kukaiona. Koma tiiwerenge bwino. Mzinda womwe unali ndi njira za njinga m'misewu yake yambiri ikuluikulu, pansi, pamthunzi wa mitengo, unafika poumba nsanamira za simenti ndi zitsulo kuti ubweze makilomita 6.5. M'zaka zaposachedwapa Beijing yakonzanso njira zambiri za njinga ndipo opalasa achulukako, koma ku chiwerengero cha 1986 sikunabwererekenso. Njira ya njinga ungathe kuibwezeretsa ukalimba mtima. Nyumba zomwe unamanga kutali kwambiri ndi malo a ntchito sungazinyamule.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ubale wa Malawi ndi China unayamba kumapeto kwa 2007, ndipo zipatso zake tikuziona: nyumba ya malamulo ku Lilongwe, bwalo la masewera la Bingu, msewu wa Karonga–Chitipa. Amalawi ambiri apitako ku China, ndipo akabwera amasimba za misewu yosanjikizana ndi masitima othamanga. N'zosiririka, inde. Koma mbali iyi ya nkhani yawo ndi yomwe ikutikhudza kwambiri, chifukwa pa nkhani ya njinga ife tili pomwe iwo anali m'ma 1980. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi njira za njinga zoti aziwononge, pomwe ife m'malo ambiri sitinazimange n'komwe.

Kaimeni m'bandakucha pamsewu wa Mchinji, wa Likuni kapena wa Bunda polowa mu Lilongwe. Muona zigubu za mkaka, madengu a tomato ndi masamba, nkhuku, mitolo ya nkhuni, matumba a makala osanjikizidwa mpaka wopalasa osaoneka, amisiri omanga nyumba akuthamangira ku ntchito, alonda akubwerera kukagona. Ku Mzuzu, Salima, Karonga ndi Nsanje, kabaza wa njinga yakapalasa wakhala akudyetsa mabanja kwa zaka zambiri. Kumudzi mayi woyembekezera amafika kuchipatala pa njinga, mlangizi wa zaumoyo amayendera midzi pa njinga, chimanga chimapita kuchigayo pa njinga. Mabanja okhala ndi njinga m'dziko muno ndi ochuluka kutalitali kuposa okhala ndi galimoto. Mizinda ya ku Ulaya ikuwononga ndalama zambiri kunyengerera anthu ake kuti apalase, pomwe ife opalasawo tili nawo kale, ndipo chomwe timawapatsa ndi hutala.

Aliyense amene wayendapo pa M1 akudziwa zomwe ndikunena. Phula ladyeka m'mbali mpaka pasanduka chiphompho, lole ikubwera kumbuyo, basi kutsogolo, hutala kulira, ndipo wapanjinga amadziponya kutchire ndi katundu wake yense. Pa malo a malonda monga Lizulu, Mponela ndi Jenda, msewu waukulu ndi msika womwe, ndipo galimoto yochokera kutali imafika ili ndi liwiro la m'tchire. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la 2023 linati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, ndipo Africa ndiye ili pamwamba pa chiopsezochi. Msonkhano wa nduna za maiko womwe unachitikira ku Stockholm mu 2020 unagwirizana kuti pomwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Tanthauzo lake ndi losavuta: galimoto ikafuna kuthamanga, wapanjinga apatsidwe njira yake yolekanitsidwa ndi chinthu cholimba, ngati njirayo palibe, galimoto ichepetse liwiro. Mzere wa penti pambali pa lole yothamanga sunatetezepo munthu.

Pali chinthu chinanso chomwe chimatisiyanitsa ndi China, ndipo chikuipira ife. Iwo pokankhira anthu ku magalimoto ankadyetsa mafakitale awo. Mu 2009 dziko lawo linakhala msika waukulu wa magalimoto kuposa lina lililonse. Ife magalimoto timaitanitsa, ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ndipo petulo ndi dizilo zimalowa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam pa ndalama zakunja zomwe zimatisowa. Amene anagona pamzere wa mafuta mu 2011 ndi 2012, komanso kuyambira mu 2022, akudziwa kuti pa masiku amenewo katundu wofika pamsika mosadodoma anali wa panjinga. Munthu aliyense amene asiya kupalasa chifukwa cha mantha n'kukwera njinga yamoto kapena minibasi waonjezera ngongole ya mafuta ya dziko lino, ndipo watenga ndalama ya ndiwo n'kuisandutsa ya thiransipoti.

Vuto la njinga silithera m'malire a khonsolo imodzi, n'chifukwa chake liyenera kulowa m'mapulani a chigawo chonse. Mlimi wochokera ku Mitundu kapena ku Nathenje amayamba pamsewu wafumbi woyang'aniridwa ndi khonsolo ya boma, kulowa mumsewu waukulu wa Roads Authority, n'kukathera m'misewu ya khonsolo ya mzinda. Ofesi iliyonse ili ndi mapulani ake ndi thumba lake, koma mlimiyo ulendo wake ndi umodzi. Mukamumangira njira yabwino makilomita asanu, n'kumusiya pa mlatho wopapatiza kapena pamphambano yaikulu kuti adzionere yekha, mwachita ngati womanga mpanda wa dimba mbali zitatu: mbuzi zidzalowera mbali yachinayi, ndipo bango lonse lapita pachabe. Kholo likamaganiza zolola mwana kupalasa kupita kusukulu, limaganiza za malo amodzi oopsa aja, osati makilomita asanu abwinowo.

Za mtunda nazo tisazinyalanyaze. Lilongwe, yomwe inakhala likulu mu 1975, inayalidwa motayana: Old Town uku, City Centre uko, mafakitale ku Kanengo, ndipo anthu ambiri ogwira ntchito akugona ku Area 25, Area 36, Chinsapo ndi Mtandire. Mapuloti atsopano akugulitsidwa kutali kuposa pamenepo, ndipo Blantyre nayo ikutambasukira ku Lunzu, Chileka ndi Mpemba. Malo akagawidwa popanda kusiya mpata wa njira zachidule za njinga, popanda sukulu, msika ndi chipatala pafupi, ndiye kuti tikumanga Huilongguan wathu, ndipo ndalama zodzamangira mlatho wam'mwamba ife sitidzakhala nazo.

Ena amati wapanjinga salipira kanthu pamsewu, poti ndalama zokonzera misewu zimachokera pa mtengo wa mafuta ndi pa zipata zolipiritsa monga Chingeni ndi Kalinyeke. Mawuwa amamveka amphamvu mpaka utafunsa kuti chimawononga msewu n'chiyani. Phula limaphwanyika ndi kulemera kwa mathiraki ndi madzi osowa ngalande. Njinga ikhoza kudutsa pamalo amodzi zaka makumi osasiya chizindikiro. Komanso misewu ikuluikulu imamangidwa ndi ngongole ndi thandizo lakunja, monga ntchito yokonza makilomita pafupifupi 300 a M1 kuchokera pa mphambano ya bwalo la ndege la Kamuzu kulowera kumpoto, yomwe ndalama zake zachokera ku European Investment Bank ndi European Union. Ngongole imabwezedwa ndi misonkho ya tonse, kuphatikizapo wakabaza amene amadula msonkho pogula sopo, shuga ndi tayala. Msewuwo ndi wakenso.

Pa pepala sitili kumbuyo. Pulani yaikulu ya zamtengatenga ya dziko lino ya 2017 mpaka 2037 imatchula oyenda pansi ndi apanjinga. Koma ku Beijing nako mawu a wachiwiri kwa nduna uja analipo mu 2006. Nkhani imagamulidwa pa chojambula cha injiniya chosonyeza m'lifupi mwa msewu: mamita angati a galimoto, angati a ngalande, angati a njinga, ndipo chowalekanitsa n'chiyani. Ndalama zikachepa pakati pa ntchito, mbali ya apanjinga ndi oyenda pansi ndiyo imakhala pachiopsezo choyamba kudulidwa, chifukwa eni ake sakhala m'chipinda momwe akudulamo. Msewu wa phula umamangidwa kuti ukhale zaka 15 kapena 20. Chomwe chasiyidwa lero chidzadikira mwana wobadwa chaka chino amalize sekondale, ndipo pofika nthawiyo m'mbali mwa msewu mudzakhala mutamera magolosale ndi mipanda yofuna chipukuta misozi.

Inu awerengi, ambiri mwa inu mwina muli ndi galimoto kapena mukusunga ndalama zogulira, ndipo hutala uja mwina munalizapo. Ndinu amene mumaitanidwa ku misonkhano. Ntchito ya msewu waukulu isanayambe pamakhala kafukufuku wa momwe ikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa maganizo. Msonkhano wotero ukafika kwanu, kaya kudzera kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) kapena kwa khansala, musakathere pa nkhani ya chipukuta misozi yokha. Pemphani kuona chojambula chija. Funsani kuti njinga idzadutsa pati pa mlatho, pamphambano ndi pamsika, ndipo n'chiyani chidzaletse minibasi ndi ogulitsa malonda kukhazikika munjiramo. Tengani wapampando wa akabaza a pa siteji yanu, chifukwa iye akudziwa malo alionse pomwe anzake anagundidwira. Yankho lomwe mupatsidwe lilembedwe m'maminitsi, ndipo mukalifunsenso tsiku lomwe makina adzayambe kukumba.